Anamuiwala mwana wanga mminibasi ya kusukulu, ahedi akuti galimoto si yawo

Amake Pempho: Abale pepani ndalemba usiku chonchi, tulo sitikubwera. Lolemba lapitali Pempho anamuiwala mminibasi ya kusukulu. Ndinamukweza ndekha pa siteji yathu ku Machinjiri kuno cha mma 6:30 monga mwa masiku onse, chikwama kumsana botolo la madzi mmanja. Cha mma 10 ndikungolandira foni nambala yosaidziwa, kamnyamata kotsuka magalimoto kakuti mayi pali mwana pano sakuyankhula, nambala yanu ndaiona pa chikwama. Ine miyendo zii. Ndinasiya okala wanga osatseka ndikukwera kabaza. Ndakamupeza atakhala pa ndowa, yunifomu yonse chinyowere ndi thukuta komanso anadzikodzera, milomo gwa kuuma. Dalaivala atatsitsa anzake kusukulu anakaimika galimoto pa kawoshi ndikukhoma, iye ndikutenga chigubu kukasaka mafuta. Mwana ali mkati.

Amake Pempho: Kwa amene mwalowa kumene pagulu pano, Pempho ali ndi zaka 8, ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu), salankhula. Amakonda mpando wakumbuyo kwenikweni pakona, ndipo anzake akayamba phokoso amatsika ndikubisala pansi pa mpando atatseka makutu. Zimenezi ndinawafotokozera a kusukulu, ndinamufotokozera dalaivala, ndinamufotokozera anti wa mbasi. Palibe amene sankadziwa.

Amake Chiku (Admini): Mayo ine amake Pempho. Pepani kwambiri achemwali. Pano mwana ali bwanji kaye, zina tikamba pambuyo

Amake Pempho: Thupi ali bwino, anamuika diripi imodzi tinatuluka madzulo omwewo. Koma chiyambire tsiku limenelo akangoona minibasi yoyera akumakuwa ndikudzimenya mutu, usiku akumadzuka kawiri katatu. Kusukulu sanapitenso.

Anesi: Mulungu anali nanu mayi, sindikufuna kukuopsezani koma ndinene zoona kuti tonse timve. Okutobala uno ndi dzuwa la ku Blantyre, galimoto yotseka imasanduka uvuni, mphindi 10 zokha kutentha mkati kumakwera ndi madigiri pafupifupi 10, ndipo thupi la mwana limatentha msanga kuposa la munthu wamkulu. Kutsegula windo pang'ono sikuthandiza kwenikweni. Galimotoyo inali pamthunzi eti?

Amake Pempho: Eya inali pansi pa mtengo wa mango ndipo windo limodzi lakumbuyo ndi lija lothyoka anamata ndi pulasitiki. Ndakhala ndikudandaula za windo limenelo chaka chonse, lero ndi lomwe lamupulumutsa, kaya ndiseke kaya ndilire

Mlomwe Weniweni: Tipatseni dzina la sukuluyo ndi nambala ya galimoto tiiponye pa Facebook mmawa uno aone polekera. Anthu amenewa amamva akachita manyazi basi. Mxii

Amake Chiku (Admini): Ayi achimwene, pagulu pano tinagwirizana kuti sititchula dzina la sukulu kapena la munthu nkhani isanafike koyenera. Komanso chithunzi cha mwana asaponye aliyense chonde. Amake Pempho pitirizani, a kusukulu akuti chani

Amake Pempho: Ndi pamene pakundipweteka pamenepo. Ndinapita Lachiwiri, ahedi akuti mayi pepani koma galimoto ija si ya sukulu, ndi ya munthu wapadera ife timangokulumikizitsani. Koma ndalama ya thiransipoti ndimalipira ku ofesi ya sukulu komweko pamodzi ndi fizi, risiti ndi imodzi, ndipo pa galasi la minibasiyo anamata dzina la sukulu. Mwini galimoto akuti wolakwa ndi dalaivala ndamuchotsa kale ntchito. Dalaivala ndamuimbira akuti kuwerenga ana si ntchito yanga ndi ya anti. Anti akuti tsiku limenelo kunalibe ine ndinali kumaliro ku Thyolo ndipo ndinatsanzika. Ndiye aliyense akuloza mnzake, mapeto ake zikukhala ngati mwana anadziiwala yekha.

Madamu a ku Resource: Mayi ndifunse chinthu chimodzi. Kuyambira 7:30 mpaka 10 ija, a kusukulu anakuimbirani kufunsa kuti Pempho bwanji sanabwere lero?

Amake Pempho: Ayi. Ndine ndinawaimbira ndili kuchipatala, aphunzitsi ake akuti tinangoganiza kuti wadwala

Madamu a ku Resource: Ndiye vuto lalikulu lili pamenepo, osati mminibasi mokha. Ine ndinaphunzira za ana amenewa ku Montfort ku Nguludi ndipo ndagwira ntchitoyi zaka zambiri, mwana wosalankhula akapanda kuoneka mkalasi sumaganiza, umaimba foni. Kalasi ya Pempho ili ndi ana angati, mwina 10 kapena 12, si ngati makalasi athu a boma oti ana 100 mphunzitsi mmodzi. Mpando wake unali wopanda munthu mmawa wonse aliyense akuuona. Akanaimba 7:45 inu mukanati ndamukweza ndekha, ndipo akanamupeza pasanathe mphindi 20. Foni imodzi ya mayunitsi ochepa. Ine ndine mphunzitsi koma apa sindiikira kumbuyo anzanga ayi.

Atate ake Yamiko: Mundilole ndiyankhuleko ngati munthu amene ndinayendetsapo minibasi, zaka 9 pa msewu wa Limbe ndi Chirimba ndisanayambe za hadiweya. Dalaivala uja walakwa, sindikukana. Koma mudziwe mmene zimakhalira. Ndalama ya ana a sukulu imapita kwa mwini galimoto pa mwezi, dalaivala saiona. Akatsitsa ana 7:15 bwana akufunabe tageti ya tsiku, ndiye amathamangira kumsewu kapena pa mzere wa mafuta, 12 koloko abwerenso kudzatenga a nazale. Anawo amawapakira 25 kapena 28 mgalimoto yoti akulu amakhala atatu pa mzere, zikwama zili pamiyendo zina pansi, ukayang'ana pa galasi lamkati mwana amene wagona pansi kumbuyo sungamuone ngakhale pang'ono. Ndiye kumuchotsa ntchito kokha, mawa alemba wina pa siteji pompo amene sanamvepo nkomwe mawu oti autism, zidzachitikanso.

Mlomwe Weniweni: Ndiye mukuti timumvere chisoni? Kuyenda masitepe atatu kukasuzumira kumbuyo kumafuna tageti?

Atate ake Yamiko: Ayi achimwene werenganinso, ndati walakwa. Ndikungoti njoka ili ndi mutu, inu mukumenya mchira. Amene anavomera kuti galimoto inyamuke popanda anti ndi ndani? Anti anatsanzika kwa ndani? Munthu ameneyo ndi amene akubisala.

Amake Pempho: Anti akuti anatsanzika kwa ahedi Lamlungu madzulo pa WhatsApp ndipo wanditumizira uthengawo, ahedi anayankha kuti ok pitani bwino

Ankolo a Malamulo: Uthenga umenewo usungeni ngati ndalama. Jambulani, tumizani ku foni ina, musadalire foni imodzi. Sungani risiti ija yosonyeza kuti thiransipoti munalipira ku sukulu, jambulani minibasi pooneka dzina la sukulu asanamatule chifukwa amatula ndithu, ndikukuuzani. Buku lakuchipatala mwalemba zonse za tsikulo lisasowe. Nambala ya mnyamata wa pa kawoshi muli nayo kale, ameneyo ndi mboni yanu yoyamba. Ine si loya, ndinangogwirako ntchito ya upalaligo, yothandiza anthu pa nkhani za malamulo, koma nkhani ya kuti galimoto si yathu siimveka pamene ndalama walandira ndiwe. Tili ndi lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010, tili ndi lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024 limene linalowa mmalo mwa lija la 2012, ndi lomwe linasintha bungwe la boma loona za anthu aulumali lija la MACOHA kukhala MACODA. Yambani ku Victim Support Unit pa polisi yanu, kenako ku Social Welfare, ndipo kalata yodandaula ipite kwa a DEM, mkulu woyang'anira maphunziro mdera lanu, sukulu ikhale ya pulaiveti koma inalembetsedwa ku unduna wa maphunziro, ili ndi poyankha. Mukasowa poyambira imbani 116 ndi yaulere.

Agogo a Tiyamike: Mwanangu ine ndingoti thokozani Mulungu mwana ali moyo. Za kupolisi zi zimatha ndalama ndi nthawi, ndipo sukulu zolandira ana athuwa nzochepa, mukakangana nawo mwana mukamuika kuti? Ine Tiyamike wanga anamukana sukulu zitatu chifukwa cha matenda akugwa, yachinayi ndi imene inamulandira, ndiye akalakwitsa pena ndimangomeza mate.

Amake Pempho: Agogo zimene mwanenazo ndi zomwe zandisowetsa tulo. Bambo ake akuti tingolandira chipepeso, ahedi anati atichotsera fizi ya teremu ino yonse bola nkhani ithere mu ofesi. Ndipo zoona Pempho pa sukulu imeneyi wasintha, anayamba kudya yekha, kuloza chimene akufuna, aphunzitsi ake amamukonda. Ndiye ndikuopa kuti ndikalimbana nawo andiuza kuti malo atha.

Amake Chiku (Admini): Agogo sindikukutsutsani mwamwano, mantha amenewo tonse tili nawo ndipo a sukulu amadziwa kuti tili nawo, nchifukwa chake amatipatsa teremu yaulere mmalo mokonza zinthu. Koma taganizani, mminibasi imeneyo muli ana ena angati osalankhula? Makolo awo auzidwa? Amake Pempho akalandira fizi ndikukhala chete, mawa galimoto idzaima padzuwa osati pansi pa mango.

Agogo a Tiyamike: Zoonadi. Ndangokumbuka kuti Tiyamike anagwapo mminibasi chaka chatha, kondakitala anamuika supuni mkamwa mpaka dzino kuthyoka, ankati angameze lilime. Sindinanene kwa aliyense.

Anesi: Agogo pepani. Chonde abale tonse tiwauze oyendetsa ana athu, mwana akagwa khunyu osamuika kanthu mkamwa, munthu samameza lilime, osamupanikiza, osamuthira madzi kapena kumumwetsa. Imitsani galimoto, mugonekeni chammbali, chotsani zinthu zomwe zingamupweteke, yang'anani nthawi, zikadutsa mphindi 5 thamangirani kuchipatala. Ndipo khunyu sapatsirana, ena amathawa mwana poopa thovu. Zimenezi kuphunzitsa dalaivala ndi anti sikungathe ola limodzi, ine ndikhoza kupita Loweruka lililonse ulere sukulu itavomera.

Asisi a ku Leeds: Mwadzuka bwanji kumudzi, ndangotsika shifiti ndawerenga zonse misozi ili mmaso. Ine ntchito yanga yammawa kuno ndi imeneyi ndendende, kuperekeza ana aulumali pa galimoto ya khonsolo kupita kusukulu. Ndisaname kuti kuno kulibe zolakwika, zimachitika. Koma usanayambe amakufufuza kaye mbiri yako, amati DBS, kenako maphunziro, ndipo mwana aliyense ali ndi pepala lake lonena kuti uyu amaopa phokoso, uyu amavula lamba, uyu akagwa muchite chakuti. Chachikulu chimene ndaphunzira nchakuti mwana samatsika yekha, ndimamupereka mmanja mwa munthu. Pakhomo ndimulandira kwa kholo, pa geti ndimupereka kwa mphunzitsi ndipo timachonga dzina tonse awiri. Kholo likapanda kupezeka pakhomo madzulo sindimusiya kwa neba ngakhale neba alumbire bwanji. Ndipo ine ndikadwala galimoto ya ana anga siinyamuka mpaka apeze wina wolowa mmalo. Zonsezi sizifuna magetsi kapena kompyuta, ndi kope ndi bolopeni.

Mlomwe Weniweni: Kumeneko ndi ku Ulaya asisi, kuno anti amalandira zingati? Mwina ndi wophika phala yemweyo amene amamuuza kuti kwera mbasi

Asisi a ku Leeds: Shuwa ndikudziwa, ndinakulira ku Bangwe ine musandione chonchi kkkk. Koma kope la 40 pages ndi ndalama zingati? Ndikunena chinthu chotheka. Ku America ku California kunali mnyamata wa autism wosalankhula ngati Pempho, Paul Lee, wa zaka 19, anamuiwala mbasi ya sukulu tsiku lotentha mu 2015 ndipo anamwalira momwemo. Chaka chotsatira anakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake, loti mabasi a sukulu akhale ndi alamu kumbuyo, dalaivala akazimitsa injini ayenera kuyenda mpaka kumpando womaliza kukadina batani, apo ayi basi iyamba kulira. Ku Japan nakonso anachita chimodzimodzi mu 2023 kamtsikana ka zaka 3 katafera mbasi ya nazale mu 2022. Onsewo anadikira maliro kaye. Ife tapatsidwa chenjezo mwana ali moyo.

Atate ake Yamiko: Batani limenelo nzeru yake ndi yongomukakamiza munthu kuti afike kumbuyo basi. Ndiye ife tikhoza kupanga yathu. Mangani kakhadi kofiira ndi chingwe kumpando womaliza, dalaivala akatsitsa ana akatenge kakhadiko akapereke kwa mlonda wa pa geti, mlonda asatsegule geti kuti galimoto ituluke asanalandire khadi. Madzulo alibwezeretse. Kuti ufike pamene pali khadi mu Hiace uyenera kupinda mipando ija ndikuwerama, mwana wobisala pansi umuona ufune usafune.

Madamu a ku Resource: Imeneyo ndaikonda bambo, ndikaiyesa kwathu. Koma ndiwonjezere, khadi lisalowe mmalo mwa munthu. Pakhale mphunzitsi wa dzina lake pa geti sabata iliyonse, osati kuti aliyense amene alipo, chifukwa ntchito ya aliyense ndi ntchito ya palibe. Mutu umodzi susenza denga inde, koma denga likagwa tizidziwa amene anali pa ngodya iti.

Achimwene a ku Joni: Ine ndili ndi funso lina. Kuno ku Joni nkhani ya magalimoto a ana a sukulu ndi yaikulu, ngozi zake zimapweteka mtima, ndiye ndinazolowera kufunsa mapepala. Kodi amake Pempho munaonapo laisensi ya dalaivalayo, COF ya galimoto, inshuwalansi? Galimoto ya windo la pulasitiki inadutsa bwanji ku Road Traffic? Sindikukuimbani mlandu, ine ndemwe mwana wa mchemwali wanga ku Ndirande amakwera Sienta ana 11 ena mbuti, ndimatumiza ndalama mwezi ndi mwezi koma sindinafunsepo.

Amake Pempho: Sindinaonepo achimwene, ndinangokhulupirira poti ndi ya sukulu. Ndipo ndisabise, Lolembalo ndinaona ndithu kuti anti mulibe, ndinamufunsa dalaivala akuti timutenga kutsogoloku. Mtima unandiuza kuti mutsitse mwanayu koma ndinali ndi oda ya mandasi yoti ndipereke 7 koloko. Chimenechi chikundidya mkati.

Amake Chiku (Admini): Ayi achemwali musadzipweteke nazo. Munafunsa, anakunamizani. Inu munalipira kuti mwana afike kusukulu, simunamukweze matola.

Mayi Phee: Ine sindiyankhulayankhula pagulu pano koma lero ndiyankhule. Wanga ndi mtsikana wa zaka 13, samva komanso salankhula, ndipo nyumba yathu ndi yomaliza pa ulendo wa madzulo. Kutanthauza kuti mphindi 15 zomaliza amakhala yekha ndi dalaivala ndi kondakitala, anti amatsikira panjira kwawo. Palibe chimene chachitika chimene ndikudziwa, koma ndi mawu amenewo, chimene ndikudziwa. Atandiuza ndi manja ndimamva ndine ndekha, kupolisi kapena kusukulu akamva ndani? Ndiye pokamba za kuiwala ana tikambenso zimenezi, anti azitsika pomaliza mwana womaliza atalowa mnyumba.

Ankolo a Malamulo: Mayi mwanena chinthu cholemera. Chimenecho chilowe mkalata, ndipo musadikire kuti kuchitike kanthu. Kuyambira mawa muuzeni mwini galimoto kuti anti akatsika mwana wanunso atsike mukamutengere pomwepo, kapena asinthe njira. A PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali, ndi a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, nkhani ngati zimenezi ndi zawo, kalata ya makolo ambiri imalemera kuposa ya mayi mmodzi, ndipo sukulu singathamangitse ana 15 tsiku limodzi. Ndi yankho langa kwa agogo limenelo.

Mlomwe Weniweni: Chabwino za Facebook ndasiya kaye, koma akakakana ku mitingi ndiye musandigwire. Ndipo mnyamata wa pa kawoshi uja tamuiwala, amene uja ndiye munthu. Ndayamba ine 5 sauzande, admini tipatseni nambala yoponyera

Amake Pempho: Mnyamata ameneyo akuti anamva ngati chinachake chikugogoda mkati, anayesa kuti ndi mphaka. Atasuzumira anang'amba pulasitiki ija ndikutsegula chitseko, anamupatsa madzi, ndipo poona kuti akuopa anthu anauza anzake kuti atalikire azimitse wailesi. Mwana wa zaka mwina 17 sanapite ku kosi iliyonse.

Madamu a ku Resource: Pa nkhani yoopa minibasi ija mayi, musamukakamize kukwera sabata ino. Yambani ndi kumuonetsa ili patali itaima, tsiku lina ayandikire, tsiku lina alowe ndi inu zitseko zili chotsegula ndikutuluka pompo. Zitenga nthawi mwina masabata. Akabwerera asakhalenso kumbuyo, akhale mzere woyamba pambali pa anti, ndipo ngati mungapeze zotseka mmakutu zija zimathandiza. Pakali pano ngati nkotheka azipita ndi munthu wa pakhomo kuti asaiwale sukulu, ana athuwa akasiya chizolowezi kubwezeretsa kwake ndi ntchito.

Amake Pempho: Zikomo madamu ndiyesa. Ndaganiza, fizi yaulereyo sindilandira pokhapokha alembe pa pepala zimene zinachitika ndi zimene asinthe, ndipo auze makolo onse a mminibasi imeneyo. Mawa ndiyamba ku Victim Support. Ahedi anandiitana Lachinayi 2 koloko pamodzi ndi mwini galimoto, koma ndekha sindingathe, ndikakwiya ndimangolira mawu osatuluka. Alipo angandiperekeze?

Amake Chiku (Admini): Ine ndilipo. Ankolo lembani kalata ija usiku uno muiponye pano tiione tonse, muikemo za rejisitala ya pa geti, foni isanakwane 8 koloko, galimoto osanyamuka popanda anti, za mayi Phee, ndi khadi la atate ake Yamiko

Atate ake Yamiko: Inenso ndibwera, mwini galimoto akayamba chinenero cha pa siteji ndikamuyankha ndine. Tikumane pa Wenela 1 koloko

Agogo a Tiyamike: Miyendo ikandilola nanenso ndifika. Dzino la Tiyamike lija ndinalisunga mkabotolo, nditenge?

Amake Chiku (Admini): Tengani agogo